Chikole cha Makina a Konkire

Pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ine ndinali mkamwini pamudzi wa akazi anga, kumpoto kwa tauni. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza. Ndinafika pamudzipo ndi njinga yakale ndi Baibulo, ndipo abale a akazi anga anandilozera pomanga nyumba ndi polima. Munda sunali wanga, dambo silinali langa. Ngakhale ana amene Mulungu anatipatsa, pa mwambo wa kumeneko, anali a mbumba ya amayi awo, ndipo mwini wawo anali mlamu wanga wamkulu, mlongo wa akazi anga.

Mlamu wangayo anali wamphamvu pa ntchito, wanthabwala, ndiponso munthu wa gule. Ine ndinali mkulu wa mpingo pa tchalitchi chathu chofolera udzu. Tinkadyera mbale imodzi, tinkabwerekana makasu, koma panali nkhani imodzi imene tinkailambalala ngati chitsa cha m'munda. Iye ankafuna kuti mwana wanga woyamba, wamwamuna, akasinkhuka apite naye kudambwe. Ine mwanayo ndinali nditamupereka kale kwa Ambuye mumtima mwanga, ndipo ndinkayembekeza tsiku limene adzalowe kalasi ya mpingo ndi kudzadya mgonero pambali panga. Pa mwambo, mawu omaliza anali a mlamu. Chimene chinkamugwira dzanja chinali njerwa. Malinga ngati ine ndinkabweretsa ndalama pamudzi, iye ankangoti, "Musiyeni mwana ayambe waimba nyimbo za bambo ake, tidzaona."

Kuumba njerwa ndinaphunzira ku mishoni ndili wamng'ono. Likulu litayamba kumangidwa, malole ankazungulira m'midzi kufunafuna mauvuni, ndipo njerwa zinkagulidwa zisanazizire bwino. Ndinakhoma zikombole ndekha, ndinapempha chulu chachikulu cha kudambo kwa atsibweni a akazi anga, ndipo amuna a pamudzi analowa nane m'matope. Mlamu ankaponda dothi ndi kusanja uvuni, ena ankathamanga ndi zikombole, amayi ankatunga madzi, atsibweni ankatipatsa mitengo ya nkhuni pa ngongole. Panalibe wolandira pa tsiku. Pangano linali lakuti njerwa zikagulidwa, ine ndikhale patsinde pa mango ndi kugawa ndalama, aliyense monga mwa thukuta lake. Mwini ntchito ndinali ine, choncho malipiro a onse anali pamutu panga.

Mwa amene ankatigula panali mmwenye wina wachinyamata, womanga nyumba, wobadwira mu Lilongwe momwemo. Chichewa chake chinali chosalala, ndipo ankandiseka kuti wa ku Dedza ndine mlendo, mwini tauni ndi iye. Ankanditchula abusa, ngakhale ndinamuuza kangapo kuti sindinadzozedwe. Mauvuni oyamba analipira pomwepo, kuwerengera ndalama pa boneti ya galimoto yake anthu onse akuona. Chilimwe china anabwera ndi nkhani yaikulu. Anapeza ntchito yomanga nyumba zingapo ku Area 43, ndipo ankafuna njerwa zonse zimene tingaumbe mvula isanagwe, kuti tisagulitse kwa wina aliyense. Ndinavomera. Chilimwe chimenecho tinaumba mpaka zala zinang'ambika, tinadula mitengo ya atsibweni imene ankaisungira adzukulu, ndipo lole yake inkabwera n'kumatuta. Ya uvuni woyamba analipira theka. Kenako anayamba kunena kuti mwezi wamawa.

Mitambo itayamba kusonkhana, ine ndi mlamu tinamulondola kumene ankamangako. Area 43 nthawi imeneyo inali tchire lodulidwa ndi misewu yafumbi, apa nyumba yatha, apo maziko okha. Tinamupeza atakhala pa mulu wa mchenga, ataonda, maso ali psuu.

"Abusa, mwabwera ndi pemphero kapena ndi chibonga?" anatero.

"Ndabwera ndi njala ya anthu, bwana. Mvula yayandikira, anthu akufuna feteleza ndi msonkho."

"Inenso sindinalipidwe. Mwini nyumba akuti banki, banki ikuti mapepala. Tonse tili pa mzere umodzi."

"Mzere wanu uli pamthunzi," ndinamuyankha. "Wanga uli padzuwa, pamudzi pa eni."

Mlamu ndiye analowererapo. "Kwathu munthu akachedwa kubweza amasiya chikole. Mbuzi, wailesi, njinga. Inu mutisiyira chiyani? Nsapato zanuzo sizindikwana."

Mmwenye uja anaseka pang'ono. Analoza makina osakanizira konkire amene anali pambali pa nyumba yosatha, makina a injini, a mawilo awiri, amphamvu ndithu. "Tengani awo," anatero. "Sungani. Ndikakubwezerani ndalama ndidzawatenga." Anaitana dalaivala wake, ndipo tsiku lomwelo lole inakoka makinawo mpaka pakhomo panga. Mboni zinali mlamu ndi dalaivalayo.

Achinyamata a lero sadziwa kuti chikole chinali chiyani kwa ife. Chikole si malipiro. Ndi katundu wa mwini amene wagona kwa iwe. Ikakhala mbuzi, umaidyetsa, ikaswa ana, anawo ndi a mwini. Ikakhala njinga, suikwera. Kugulitsa chikole mwini asanalole pamaso pa mboni, kapena mwini mbumba wake asanalole m'malo mwake, kunali kuba, ndipo mlandu unkakutembenukira iwe wokongozedwa. Bambo anga anasunga mfuti ya munthu wina kudenga mpaka mwini wake anamwalira, n'kuipereka kwa mphwake pa maliro. Ndipo ine ndinkapeza zomwezo m'Malemba, pamene lamulo limakamba za chovala cha wosauka chotengedwa chikole, kuti si chako ngakhale chili m'manja mwako. Ndinawamangira makinawo chisakasa cha udzu, ndinagula girizi ndi ndalama zanga, ndinaletsa ana kukwerapo.

Sipanapite nthawi yaitali, lole inaleka kuoneka m'misewu. Ndinapalasa njinga kupita ku Area 43 ndipo ndinapeza ntchito itaima. Panali mlonda yekha, Mkhristu mnzanga wa mudzi woyandikana nafe, atakhala pa chitini pafupi ndi zitseko zosaikidwa.

"Mwachedwa, akulu," anandiuza. "Anakwera ndege ndi banja lonse. Akuti ku Mangalande. Inenso sanandilipire. Ndikungolondera poti sindikudziwa amene angandiuze kuti ndileke."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana makoma a njerwa zathu. Ndinaganiza za ana a Israeli amene anaumba njerwa za mizinda ya eni ku Ejipito. Koma iwo anali ndi wowatsogolera kuwatulutsa. Ine ndinali ndi njinga, ndi mudzi wondiyembekeza.

Pa mwambo wathu munthu akathawa ngongole, umapita kwa mkulu wa banja lake kukatula nkhani. Tinkadziwa kuti mmwenye uja anali ndi mkulu wake wa sitolo yogulitsa zinthu mopikulitsa ku Old Town. Tinapita ine ndi mlamu, titanyamula tambala, chifukwa sutula nkhani yolemera chimanjamanja. M'sitolomo munali fungo la sopo ndi palafini, mabulangete atasanjidwa mpaka kudenga. Mkuluyo anali bambo waimvi, wolankhula motsitsa. Anatilowetsa kukachipinda ka kuseri, anatipatsa mipando, anayang'ana tambala uja n'kumwetulira mwachisoni.

"Zikomo, madala, koma kwathu sitidya nyama. Mubwerere naye, ana akadye."

Ndinafotokoza zonse. Anamvetsera osandidula.

"Ndikudziwa mwambo wanu, ndinabadwira kuno," anatero. "Kwanu mng'ono akalakwa, mkulu amalipira. Koma ngongole yanuyi si ya mng'ono wanga. Ndi ya kampani. Pa malamulo kampani ili ngati munthu payokha. Ndiyo inagula njerwa, ndiyo inakongola ku banki. Inenso ndinaikongoza simenti yambiri."

"Kampaniyo ikhala kuti, tikaonane nayo?" anafunsa mlamu.

"Yafa."

"Maliro ake anali liti? Ife sitinamve uthenga."

Mkuluyo sanaseke. Pamenepo ndinanena chimene ndinadzera. Ndinati mng'ono wake anandisiyira makina ngati chikole, ndipo popeza mwini wachoka, ndinkapempha kuti iye, monga mkulu wa banja, alole pamaso pa mlamu wanga kuti ndigulitse. Bambo uja anadzuka, anakankha chitseko cha kachipindako kuti chitsekeke, n'kukhalanso.

"Ine makina sindikuwadziwa," anatero pang'onopang'ono. "Sindinawaone, sindinamve kumene ali. Chimene ndikudziwa n'chakuti a banki atumiza anthu a khoti kuti asonkhanitse katundu yense wa kampani. Chimene adzachipeze ndi chawo. Chimene sadzachipeza, sadzachipeza. Mwandimva, madala?"

"Ndiye mukuti ndigulitse?"

"Sindinanene choncho. Sindinganene choncho. Si anga."

Anandilembera keyala ya mng'ono wake ya ku Mangalande, anatipatsa paketi ya shuga, n'kutiperekeza mpaka pakhonde. Titafika pamsewu mlamu anaima, tambala ali kukhwapa.

"Alamu, munthu uja wakuuzani poyera. Mukufuna achite kukuimbirani ng'oma?"

"Sanalole. Ndamufunsa inu mulipo, wakana."

"Wakana ndi pakamwa, walola ndi maso."

"Maso si mboni, alamu."

"A mkulu wa mpingo," anatero akupukusa mutu, "inu mudzafa ndi ludzu mwendo uli m'madzi."

Ndinapita ku positi ofesi tsiku lomwelo, ndinagula kalata ya ndege yobiriwira ija, ndipo kalaliki wina anandithandiza kulemba m'Chingerezi. Sindinatukwane. Ndinangoti anditumizire ndalama, kapena alembe mawu olola kuti ndigulitse chikole. Kenako ndinayamba kudikira.

Mlamu sanadikire. Anapeza womanga nyumba wina, Mmalawi mnzathu, amene anali ndi ntchito ku Area 47, n'kubwera naye pamudzi. Bamboyo analiza injini, anamvetsera kulira kwake, anagogoda chigubu, n'kutchula mtengo. Ndalama zake zikanalipira pafupifupi ngongole yonse ya pamudzi. Anali nazo m'chikwama pomwepo. Anthu anali atasonkhana, ngakhale amayi otunga madzi aja anaima chapatali ndi ana kumsana. Ndinamuuza kuti makinawo si anga, abwerenso yankho likafika kuchokera kwa mwini.

"Yankho lochokera ku Mangalande?" anafunsa. "Bambo, ine ndikuthira konkire sabata ino." Anakwera galimoto yake n'kumapita.

Masiku amenewo ndinapemphera kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wanga, ndipo sindinapeze mpumulo. Malemba omwewo amene amaletsa kutenga chimene si chako amanenanso kuti malipiro a wantchito asagone m'nyumba mwako, ndi kuti malipiro obisidwa amafuula mpaka kumwamba. Ndikatsegula apa ndinkapeza makina, ndikatsegula apo ndinkapeza anthu. Ndinkadziuza kuti Mulungu amene anaika malamulo onse awiri adzatsegula njira yowasungira onse awiri, ndipo njirayo ndinkaiona ikubwera pa kalata. Akazi anga sankakonda kulowerera nkhani za amuna, koma tsiku lina tikubzala chimanga chopanda feteleza anaima, khasu lili m'manja.

"Bambo a ana, Mulungu adzakufunsani za makina kapena za anthu?"

"Adzandifunsa zonse ziwiri."

"Achimwene sadzakufunsani ziwiri."

Kalata sinabwere. Ndinalembanso ina. Mbusa wathu anandilangiza kuti ndikaonane ndi loya, ndipo ndinagulitsa mbuzi kuti ndipeze ya pakhomo pake. Ofesi yake inali ku City Centre, kumene nyumba zazitali zatsopano zinaima motalikirana pakati pa udzu, misewu yotakata yopanda anthu. Loyayo anali waulemu. Anandifunsa ngati panali pepala losainirana, ndinati ayi, panali mboni. Anandifotokozera kuti kulondola munthu ku Mangalande kumafuna loya wa komweko, wolipidwa ndalama za komweko, zoposa mtengo wa njerwa zanga zonse, ndipo ngakhale nditamupeza, adzangonena zomwe ananena mkulu wake, kuti wokongola ndi kampani. Chimene ndikanatha ndi kulembetsa dzina langa pakati pa okongozedwa. Anandiuzanso kuti banki ndiyo imayamba kudya, ife ena timadikira zotsala m'mbale. Ndinalembetsa. Zotsalazo sindinazione mpaka lero.

Anthu a khoti anafika mvula ili pakati. Amene anawalondolera ndi dalaivala uja, mboni yanga yomwe. Anali ndi pepala la chidindo, ndipo anandiwerengera kuti makinawo ndi katundu wa kampani, wogulidwa ndi ngongole ya banki. Ndinawauza kuti ndi chikole. Mkulu wawo anandimvetsera, n'kunena kuti zimenezo ndikafotokoze kukhoti. Atachotsa udzu wa chisakasa, mmodzi anapaka chala pa mano a chigubu n'kuyang'ana mnzake.

"Koma madala mwasunga bwino. Mpaka girizi. Ena timapeza atagulitsa kale, kapena atachotsa injini."

Lole yawo potuluka inatitimira m'matope pafupi ndi dambo, pomwe tinakumba dothi. Anaitana amuna a pamudzi kuti akankhe, ndipo anakankha, amuna omwewo amene thukuta lawo linali m'makinawo. Mlamu sanakankhe nawo. Anaima pa chulu chogumuka chija manja ali kumbuyo, akundiyang'ana ine.

Nkhani inakambidwa patsinde pa mango pamene ndinkagawira ndalama. Atsibweni anali nkhalamba yofatsa, ndipo sanakweze mawu. Anayamba ndi kundiyamika kuti sindinamenyepo mwana wawo, sindinaledzerepo, ndinabweretsa ntchito pamudzi. Kenako anapatsa mlamu mpata.

"Ine alamu sindikuwatcha wakuba," anatero mlamu. "Akanakhala wakuba tikanadya. Ndalama zinafika pakhomo pano ndi miyendo yake, iwo anazibweza kuti akusunga chilungamo cha munthu amene ali ku Mangalande, amene sakudziwanso ngati kuno kwacha kapena kwada. Chilungamo chawo analipira ndi thukuta lathu, osatifunsa. Chimanga chaonekera kale kuti chaka chino ndi njala. Mitengo ya atsibweni inapita. Tsono atiuze, ife chikole chathu n'chiyani?"

Ndinalibe choyankha chimene chikanadzaza nkhokwe ya munthu. Ndinati chimene ndinasunga ndi mwambo womwewo umene mlamu yemweyo anaukumbutsa mmwenye popempha chikole, ndipo ngongole sindikuikana, ndidzabweza yonse. Ndinapereka njinga, mbuzi zotsala ndi wailesi. Zinachepa kwambiri.

"Simukuthamangitsidwa, mkamwini," anatero atsibweni pomaliza. "Nyumba ili pomwepo, akazi anu ali pomwepo. Koma munthu amene ali ndi thukuta la mudzi wonse sangamadutse pakhomo pa anthu anjala m'mawa uliwonse. Mitima ingaipe. Pitani mukasake. Mukamaliza mubwere. Ana ali ndi mwini, savutika."

Mawu omalizawo ndi amene anandilasa. Ndinayang'ana mlamu, iye anayang'ana pansi.

Mlonda uja, Mkhristu mnzanga, ndi amene anandipezera ntchito. Nyumba zija zinamalizidwa ndi womanga wina, ndipo mu imodzi munalowa bwana wa m'boma wochokera ku Zomba, amene ankafuna munthu wosamalira maluwa ndi kapinga. Anandipatsa kachipinda kuseri. Mpanda wa nyumbayo sunapakidwe pulasitala. Chimodzi mwa zikombole zanga chinali ndi mfundo ya thabwa pakona, imene inkasiya kachibowo pa njerwa iliyonse, ndipo ndikamathirira maluwa m'mbali mwa mpanda ndinkaziona njerwazo, apa ndi apo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Bwana wanga sindinamuuze. Anali munthu wabwino, ankalipira pa nthawi yake, ndipo nyumbayo sanaibe kwa ine.

Mwezi ukatha akazi anga ankayenda wapansi kuchokera kumudzi, atasenza ufa pang'ono, n'kudikira pageti. Ndinkawapatsa malipiro anga, kupatula ya sopo ndi chopereka cha kutchalitchi, ndipo iwo ankakatula kwa atsibweni, amene ankagawira anthu mmodzimmodzi. Malipiro a wa m'maluwa ndi ochepa, ngongole ya chilimwe chathunthu cha mudzi ndi yaikulu. Zinatenga zaka. Kumudzi ndinkapita pa maliro pokha, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Lamulungu ndinkapemphera ku tchalitchi cha m'tauni, kumene sankandidziwa kuti ndinali mkulu wa mpingo. Tikamanena pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa, pofika pa mawu a kukhululukira amangawa, pakamwa panga pankatsekeka. Anzanga ankapitirira, ine ndinkawapeza kutsogolo. Ndinakhala choncho nthawi yaitali. Nthawi zina ndikatumidwa ku Old Town ndinkadutsa pa sitolo ija. Mkulu uja akandiona ankatuluka, n'kundifunsa za ana. Tsiku lina anandiuza kuti mng'ono wake akugwira ntchito m'fakitale ku Mangalande, akudwaladwala ndi kuzizira, ndipo kalata zanga analandira koma anachita manyazi kuyankha. Sindikudziwa chifukwa chake, koma nditamva za manyaziwo ndinayamba kutha kumutchula m'pemphero. Kukhululuka kunabwera pang'onopang'ono, ngati chilonda chouma kuchokera m'mbali. Ndalama sinabwere ngakhale tambala imodzi.

Mwezi wina wa chilimwe, anthu atakolola, akazi anga anafika pageti opanda ufa. Ndinawalozera pamthunzi kuti akhale, anakana. Ndinali ndi paipi ya madzi m'manja.

"Achimwene apita naye," anatero.

Sindinafunse kuti ndani, kapena kuti.

"Ndinayesa kuletsa. Anati mwana wakula, anzake onse alowa, akumuseka kuti ndi mkazi. Anati bambo wake akanakhalapo akanakamba nawo, koma palibe. Mwininso anafuna, bambo a ana. Sanachite kumukoka."

Madzi anapitirira kutuluka mpaka anadzaza bedi la maluwa n'kuyamba kuyenderera pa msewu wa galimoto. Akazi anga ndi amene anapita kukatseka mpopi. Ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinatenga malipiro a mweziwo, ndinawapatsa monga mwa nthawi zonse. Atapita ndinagwada pa simenti. Ndinangokumbukira kholo lija limene linauzidwa kuti likapereke mwana wake paphiri, n'kupeza nkhosa yokodwa m'chiyangoyango. Ndinafunsa Ambuye kuti yanga nkhosa inali kuti. Sanandiyankhe tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti anandiyankha pambuyo pake m'njira imene ndinaimva.

Ngongole ndinaimaliza. Atsibweni anali atamwalira, ndipo womaliza kulandira anali mlamu, amene anadziika kumapeto mwa kufuna kwake. Anawerenga ndalamazo, anaziika m'thumba, n'kunena kuti, "Mwabweza, alamu. Palibe amene ankakhulupirira." Anatuma mwana kukagwira nkhuku. Tinadyera mbale imodzi monga kale, ndipo nkhani ya mwana wanga sitinaikambe, tsikulo kapena lina lililonse mpaka iye anatsikira kuli chete.

Tsiku limene ndinabwerera kumudzi, mwana wanga anandilonjera atagwada, mwaulemu wonse. Anali atatalika kundiposa, mawu atasintha. Ndi munthu wabwino. Ndi amene anandifolerera nyumba ndi malata, ndi amene amandiperekeza kuchipatala. M'tchalitchi analowamo pa maliro a amayi ake, anakhala kumbuyo, ndipo nyimbo zimene ankaimba ali wamng'ono ndinaona milomo yake ikuzitsatira osatulutsa mawu. Ndimamutchula dzina pamaso pa Mulungu m'mawa uliwonse, ndipo ndidzatero mpaka mpweya utatha.

Anthu amene amaidziwa nkhaniyi amandifunsa ngati lero ndikanagulitsa makina aja. Ena amafunsa kuti aseke, ena amafunsadi. Ndimawauza kuti munthu uja anati sungani, ine ndinavomera pamaso pa mboni, ndipo sindikuona pamene ndikanapeza mphamvu yosandutsa mawu amenewo kukhala ena. Ndimawauzanso kuti mtengo wake ndikuudziwa kuposa iwo, chifukwa umandipatsa moni m'mawa uliwonse.

Zikombole zanga zinatsala pamudzi, ndipo mwana wangayo ndi amene anazitola. Amaumba njerwa kudambo komweko, ndipo malole a ku Area 47 ndi kwina amabwera kudzatuta. Tsiku lina ndinakhala pamthunzi ndikumuonerera akukambirana ndi womanga nyumba wina amene ankapempha kuti atenge njerwa, adzalipire mwezi ukatha, ndipo ankati asiya jenereta yake ngati chikole. Mwana wanga anaima kutsogolo kwa lole, manja ali kumbuyo ngati atsibweni ake, mlamu wanga uja.

"Chikole kuno sitilandira, bwana," anatero. "Tinasungapo kale. Muwerenge ndalama pa boneti, kapena mutsitse njerwa."